Nthutumba ya Mwini Nyumba

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka cha riferendamu, pamene uthenga unafika kwathu ku Senga Bay kuti abambo atuluka m'ndende. Anawatenga ndisanayambe sukulu, akuti chifukwa cha mawu amene anayankhula padoko anthu akugula nsomba, ndipo kuyambira pamenepo dzina lawo tinkalitchula monong'ona. Tsopano malume anabwera kudzanena kuti munthuyo ali moyo, akupumula kwa mlongo wawo ku Lilongwe, ndipo afika kumudzi Ogasiti asanathe. Amayi sanalulute. Anakhala pansi pakhonde, nayang'ana pabwalo nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Nanga adzadya chiyani?"

Funsoli silinali lopepuka. Inali nthawi ija chisanu chikutsanzika koma chisanachoke, m'mawa tikuwothera dzuwa titafunda zitenje, masana fumbi lili koboo. Mwera unkawomba osapuma, mabwato ali pamchenga, asodzi akungosoka maukonde. Nsomba yaiwisi inali yamwayi. Amayi, amene ankachapa nsalu pa loji ina ya alendo, anati sangaike ulemu wawo m'manja mwa nyanja, pakuti mwera sudziwa kuti kwa uje kuli phwando.

Nkhaniyi ankaikambirana ndi Abiti Juma, mayi wachisilamu wa nyumba yoyandikana ndi yathu, uku akusenda mtedza. Ine Enelesi ndinkasenda nawo, ngakhale wambiri unkathera mkamwa. Abiti Juma ankatchula zimene nyengoyo inapatsa: mbatata za futali, mfutso wa nkhwani wotendera, maungu otsala padenga. Amayi ankangopukusa mutu.

"Abiti, zimenezo n'zathu ife ndi ana. Mwawaiwala bambo a Enelesi? Aja amafuna chakudya cholira mkamwa."

Apo ndiye ankayamba kufotokoza, mtedza atauiwala m'manja. Ati abambo ankakonda chimanga chokazinga, chija chouma gwa. Ati usipa ankaufuna wootcha pamakala, wokukuta. Nzimbe ankasenda ndi mano, botolo kutsekula ndi mano, nkhuku kutafuna ndi mafupa omwe, galu n'kumangoyang'ana mwachisoni. Zaka zonsezo ndinali ndisanamvepo amayi akuyankhula za amuna awo mokweza mawu, tsono ndinkamvetsera ndi khutu lonse. Nkhope ya abambo sindinkaikumbukira. Ndinkawaumba mumtima mwanga ndi zakudya zimene amayi ankatchulazo, ndipo anatuluka chimunthu chamasaya, chophwanya mafupa, choseka kwambiri. Ndinkawafuna abambo amenewo mpaka mtima kuwawa.

Pomaliza anagwirizana. Padzakhala mpunga watsopano wa ku Lifuwu, mpiru wa kudimba, thobwa, chimanga chokazinga ndi nzimbe zotafuna pocheza. Ndiwo yeniyeni idzakhala tambala wathu wachikuda, nkhalamba yolusa imene inathamangitsapo mwana aliyense wa m'mudzimo. Abiti Juma anati tambala ameneyo ndi wolimba ngati lamba wa njinga. Amayi anati n'chifukwa chake amusankha.

Tsikulo litafika, ndinanyamula tambalayo kupita naye kwa Che Amidu, amuna awo a Abiti, kuti akamuzinge. Kwathu kunyanja, Mkhristu akazinga yekha nkhuku ya phwando ndiye kuti wathamangitsa theka la anansi ake pachakudya. Nditabwera naye, amayi anamusosola okha, natulutsa nthutumba, naitsuka mosamala ngati ndi ya golide. Nthutumba ndi ya mwini nyumba. Nkhuku ikafika pamaso pa bambo ilibe nthutumba, ndi mlandu. Zaka zonse zija, tikapha nkhuku, amayi ankaitumiza kwa malume kapena kupatsa mlendo, koma iwo sanailawepo. Tsiku limenelo anaiika mumphika akung'ung'udza kanyimbo.

Abambo anafika masana, atakwezedwa panjinga ya malume. Amene anatsika panjingapo anali munthu wowonda, wa imvi, jekete ikulendewera m'mapewa. Anthu analuluta, amayi anagwada nalira, Che Amidu anawakumbatira. Abambo ankayankha moni aliyense dzanja lili pakamwa. Ine ndinaganiza kuti ndi ulemu wa kumene achokera.

Amuna anakhala pansi pa mtengo wa mango, umene unali utachita maluwa. Ine ndiye ndinapatsidwa ntchito yowasambitsa m'manja. Nditagwada ndi beseni patsogolo pawo, abambo anandiyang'ana, natambasula manja onse awiri kumadzi, ndipo pakamwa panatsala poyera.

"Ndiwe Enelesi?" anafunsa, namwetulira.

Munalibe mano. Kutsogolo konse kunali nkhama zokhazokha, m'mbali zitsa ziwiri zakuda. Madzi anatayika m'beseni ine osadziwa. Palibe amene anatiuza. Mlongo wawo anachita manyazi kunena, malume anaganiza kuti si nkhani yotumiza kwa akazi. Mpaka lero sindinafunsepo kuti manowo anatsala kuti.

Chakudya chinabwera. Malume anavundukula mbale ya nkhuku, natola nthutumba, naiika pambale ya abambo monga mwambo unenera. Abambo anaiyang'ana. Anaitembenuza ndi chala, naikankhira pambali, nayamba kutapa mpunga ndi msuzi pang'onopang'ono. Amuna aja anazindikira, ndipo aliyense anaweramira mbale yake. Pafupi pomwepo panali lichero la chimanga chokazinga ndi mtolo wa nzimbe, zonse zikudikira munthu amene sanabwere. Ndinamva malume akukonza kukhosi, ndipo ndinadziwa chimene ankati anene: kuti alamu asavutike, nthutumbayo adya ndi iwo monga akhala akuchitira. Ndinali mwana, komabe ndinaona kuti ikachoka pambale imeneyo, abambo adzakhala mlendo m'nyumba mwawo mpaka kalekale.

Amayi anali pakhomo la khitchini, akuona zonse.

"Enelesi! Tabweretsa mbale ya abambo akoyo, msuzi wachepa."

Ndinaitenga. M'khitchini amayi anatsuka kamtondo kosinjira nsinjiro, naponyamo nthutumba ija ndi mnofu wa pachifuwa, nayamba kusinja. Misozi inkatsika, koma dzanja silinaleke. Abiti Juma anaima pakhomo, natambasula chitenje ngati akuchikonza, kuti a pabwalo asaone.

"Amayi, bwanji osangowapatsa msuzi?" ndinanong'ona.

"Msuzi timapatsa mwana ndi wodwala," anatero. "Awa ndi eni nyumba."

Anathirapo msuzi wotentha, nasakaniza, nandipatsa. Ndinabwerera nayo ndikuopa kuti abambo achita manyazi, akana, kapena adzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinagwada n'kunena monga anandiuzira: "Akuti nthutumba yanu."

Abambo anayang'ana mbaleyo, nayang'ana kukhitchini. Anatapa ndi zala, naika mkamwa, namumunya nthawi yaitali maso ali chitsinzire. Che Amidu anathokoza Mulungu chapansipansi, "Alihamudulila." Abambo anatapanso kachiwiri, kachitatu. Kenako anakweza mawu, dzanja osaika pakamwa.

"Amake Enelesi! Kodi mchere unadula chotani m'dziko muno? Ndiwozi zazizira."

Amuna onse anaphulika kuseka. Kukhitchini kunamveka mawu amene sindinawamvepo chibadwire, amayi akuyankha mwamuna wawo mokalipa: "Mwangofika kumene, mwayamba kale!" Anabwera nawo okha mcherewo, akuseka uku akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo anagwada pambali pawo nthawi yaitali kuposa imene kupereka mchere kumafuna.

Abambo anakhala nafe zaka zochepa. Sanakhale chimunthu chophwanya mafupa chija ndinachiumba, ndipo sindibisa, ndinachilira mwakachetechete ngakhale abambo enieniwo ali pakhonde. Zinanditengera ukulu kuti ndimvetse zimene amayi anazindikira ataima pakhomo la khitchini. Munthu amene wamudikira nthawi yaitali sabwera monga anachokera, ndipo chimene wamukonzera chingathe kumuchititsa manyazi. Pamenepo sumulanda gawo lake pomumvera chisoni. Umalifewetsa mpaka alithe.

Onse awiri anatisiya. Ine ndaphikira anthu ambiri m'moyo wanga, ndipo amadya mwaulemu, n'kuthokoza, n'kutsanzika. Koma ndikaika mbale patebulo, nthawi zina ndimaima kaye pakhomo, kulakalaka wina atakweza mawu kuti mchere wachepa.