A Waya, Obwereza Uthenga

A Waya sankalandira uthenga osaubwereza. Akazi awo akati, "Mukagule sopo," iwo ankaima pakhomo n'kunena kuti, "Ndikagule sopo. Ndamva bwino?" Mayiwo ankayankha kuti ayi, anena njovu. Mlamu wawo, telala amene ankasokera pakhonde la nyumbayo, anazimva zimenezi mpaka onse anamera imvi.

Khalidweli anabwera nalo kuchokera kunkhondo, kumene ntchito yawo inali yotumiza mauthenga. Ankayenda wailesi ili kumsana, waya wa lamya ali m'manja. Bomba likadula wayayo, ankakwawa m'matope kufunafuna podukapo, kuti bwana wokhala pouma athe kuuza anthu a m'dzenje kuti alimbe mtima. Mfuti anali nayo, koma inabwerako yatsopano. Boma linawathokoza ndi mendulo, mizinga inawathokoza ndi khutu limodzi logontha. Mendulo ija adzukulu anaitaya posewera.

Anthu a mumsewu wawo ankafuna ngwazi.

"Munapha angati, achimwene?" ankafunsa wometa tsitsi.

"Ndinkalumikiza mawaya."

Wometayo ankapitiriza kumeta ali ndwii, ngati amubera.

Akazi awo atagonekedwa m'chipatala, namwino anati ana aitanidwe msanga. Mwana analipo mmodzi, mnyamata wa mu ofesi kutali, munthu wofunika kwambiri moti akanangodzuka pampando dziko likanapendekeka. Mayiwo ankangoyang'ana kukhomo la wodi. Telala anaimba foni panja, naikweza mawu chifukwa cha khutu lija, n'kuipereka kwa mlamu wake.

"Bambo, kuno zinthu zathina," anatero mwanayo. "Amayi mungowauza kuti ndili m'njira, mtima ukhale pansi. Ndibwera mwezi wamawa ndikapeza mpata."

Telala anatambasula dzanja kuti alande foniyo. Kabodza kakang'ono ngati kameneko iye akanakasoka bwinobwino, msoko osaoneka. Koma a Waya anali atawongoka kale msana.

"Ndiwauze amayi ako kuti uli m'njira, pamene suli m'njira. Ubwera mwezi wamawa ukapeza mpata. Ndamva bwino?"

"Bambo, musakanene choncho."

"Ndiye nena zoti ndikanene. Ine ndimafikitsa zonse zimene ndapatsidwa."

"Malume ali pompo? Apatseni foni."

"Malume ako amasoka mabuluku. Wa mauthenga ndine."

Mayi wina wokolopa anaimitsa ntchito yake kuti naye amve. Kutali kuja kunamveka mpando ukukhwekhwerezeka, kenako mwanayo anatsokomola.

"Muwauze kuti ndikwera basi ya mawa m'mawa."

"Ukwera basi ya mawa m'mawa. Ndamva bwino?"

"Mwamva bwino, bambo."

A Waya analowa m'wodi, naima kumiyendo kwa bedi manja ali m'mbali, n'kupereka uthengawo mawu ndi mawu. Akazi awo anatembenuzira mutu kwa iwo.

"Munamvera khutu liti, agonthi inu?"

"Labwino."

"Ndiye mukanditengere mpango wanga wobiriwira. Asandipeze ngati mtembo."

"Ndikatenge mpango wobiriwira. Ndamva bwino?"

Mwanayo anafika madzulo a tsiku lotsatira, napeza mayi ake akadali ndi mphamvu zomunyozera mimba yake. Mayiwo atamwalira, telala sanawamvenso a Waya akubwereza mawu a munthu. Panalibenso wowatuma.