Magalasi Achiwiri a Agogo aNangondo

Fungo la tchire lopsa likangondipeza, kaya ndili m'minibasi kaya ndili kumunda, amene amatulukira m'mutu mwanga ndi agogo anga aakazi, aNangondo. Ndimawaona ali patsogolo panga m'kanjira kokwera phiri kumtunda kwa Mua, zenga ili kumanja, luzi lili paphewa, zidendene zawo zong'aluka zikuponda miyala yotentha osaimva, nyenje zikulira m'mitengo yopanda masamba mpaka m'makutu kuchita kuwawa, ine ndili pambuyo wefuwefu ndi chigubu cha madzi, iwo osacheuka n'komwe koma pakamwa posapuma: "Iwe Rozina, miyendo imeneyo unachita kubwereka? Yenda."

Sanali agogo okunyengerera ayi. Anali mayi wamfupi, wouma thupi, wa pakamwa pakuthwa, wotha kukalipira nkhuku, mtondo ndi mwamuna wake nthawi imodzi. M'chilimwe ankamweta udzu kuphiri, kuumanga m'mitolo, n'kukagulitsa kwa asodzi a kunyanja ofuna kufolera nyumba ndi misasa. Ine ndinakulira m'manja mwawo, ndipo nditangofika msinkhu wosenza mtolo ndinayamba kupita nawo Loweruka lililonse.

Aliyense ankawadziwira magalasi. Ine ndisanabadwe anakawachotsa ng'ala m'maso onse awiri, ndipo masiku amenewo akakuchotsa ng'ala ankakupatsa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Maso awo m'kati mwa magalasiwo ankaoneka aakulu, oti akakuyang'ana unkaulula ndi zomwe sunachite zomwe. Ankawamangirira kumutu ndi mphira ya chubu cha njinga. Posamba ankavulira kubafa, pogona ankavula nyali itazima, choncho nkhope yawo ili yokha ndinali ndisanaionepo. Ndinkangoti magalasiwo amawathandizira pang'ono chabe.

Anali ndi enanso achiwiri. Anagulitsa mbuzi, n'kukakakamira kwa adokotala a maso mpaka anawapezera. Ankawakulunga m'kansalu n'kuwaika m'kabokosi kachitsulo ka masamu kamene amalume anasiya atamaliza sukulu, kabokosiko n'kukamanga m'chitenje cha m'chiuno. Kwathu chinthu chongokhala sakaniza. Anthu ankabwerekana mtondo, sefa, njinga, ngakhale jekete la ukwati, ndiye okalamba ena ankabwera kudzapempha magalasiwo kuti alowetsere ulusi pa singano. Agogo ankabwereketsa china chilichonse, akunyinyirika inde, koma apa pokha ankauma gwa.

"Maso sabwereketsa," ankatero. "Ine ndimayenda kutchire, inu mumakhala pakhonde. Awa akandithera pamwamba pa phiri, mudzabwera kudzanditsitsa ndinu?"

Anthu ankawanena umbombo, iwo analibe nazo ntchito. M'mawa tisananyamuke ankagwedeza kabokosiko pakhutu, akamva kuti m'kati mukugunda kanthu, basi n'kumanga. Kutsegula sankafuna, ati fumbi limakanda galasi.

Chaka chimene ndikunenachi tinachedwa kumweta. Udzu wapafupi anzathu anali atautha, ndiye tinakwera kutali kumene tsekera anali wamtali kuposa munthu. Dzuwa lili paliwombo tinali titamanga kale mitolo yathu. Ndinayamba kuona akabawi akuzungulira kumwamba, kenaka tiphulusa takuda tikundigwera pamkono. Agogo anadzutsa mutu n'kununkhiza.

"Ana osaka mbewa aja atentha tchire. Senza tizipita."

Moto unali kumunsi kwathu, kumene kunali njira yobwererera, ndipo moto wokwera phiri suyenda, umachita kuthamanga. Tinaumva usanaoneke, ukuthetheka, nsungwi zikuphulika. Mitolo tinaitaya. Agogo anati tidutse cham'mbali tikalowe m'khwawa lina la miyala limene iwo ankalidziwa, ndipo anayamba kupasula tsekera ndi chifuwa, ine nditagwira chitenje chawo. Apo ndi pamene nthambi ya mtengo waminga inakola mphira ija. Inatamuka, n'kuduka, magalasi n'kuuluka. Ndinangomva akuphwanyika pamwala chakumunsi, m'udzu umene unali utayamba kale kufuka.

Ndinati nditsike ndikafune.

"Asiye," anatero, mawu ali m'malo. "N'chifukwa chake ndimayenda ndi ena."

Anagwada, kumasula mfundo ya chitenje mosafulumira, kutsegula kabokosi, kufunyulula kansalu. Munagwa timiyala tiwiri tosalala ta mumtsinje. Iwo sanatione, anangotimva tikugwera pamiyendo. Kenaka anatenga magalasiwo n'kuvala.

Ndine ndinayamba kuona. Maso awo anali ang'onoang'ono, ofiira, achilendo, akuphethira kuseri kwa mabowo awiri. Munalibe galasi ngakhale limodzi. Inali felemu yokha, komanso sinali yawo, chifukwa yawo inali yakuda pomwe iyi inali yofiirira, yomangidwa ndi waya pamphuno. Agogo anakweza dzanja pang'onopang'ono, chala chinalowa pabowo mpaka chinakhudza chikope.

Ndinaima kukamwa kuli yasa. Munthu amene ndinkamuopa kuposa mphenzi anayamba kupapasa pansi ndi manja onse awiri. Anatola timiyala tija n'kutiika pamaso, poganiza kuti ndi magalasi aguluka m'felemu. Atamva kuti ndi miyala anatisiya tigwe.

"Rozina," anaitana, akuyang'ana kumene ine kunalibe. "Uli kuti?"

Ndinali pafupi moti ndikanatha kuwagwira phewa. Ndi pomwe ndinadziwa kuti agogo anga popanda magalasi sankaona kanthu, kunkangokhala kuli mbuu. Ndinalira. Iwo anatsata kulirako n'kundigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Ukalira kunyumba. Panopa maso anga ndiwe. Utsi ukulowera kuti?"

"Ukubwera kuno, agogo."

"Yang'ana kudzanja lako lamanja. Kuli chimwala chong'aluka pakati. Ukuchiona?"

"Kuli utsi wokhawokha."

"Yang'ananso. Ndipo usandinamize pofuna kundisangalatsa."

Mphepo inakankha utsi pang'ono ndipo ndinachiona, chili patali ndithu. Ndinawakoka dzanja. Ndinali ndisanatsogolerepo munthu wosaona, ndiye ndinkangothamanga, kuiwala kuti zimene ndikudumpha ine iwo sakuziona. Anapunthwa pachitsa n'kugwa chafufumimba, anadzuka, anagundanso mwala ndi msongolo mpaka magazi.

"Uzinena, mwana iwe. Ukaona dzenje uzinena kuti dzenje."

Ndinayamba kutchula chilichonse, mwala, chitsa, potsika, pokwera. Kumsana kunkatentha. Ziwala zinkatimenya kumaso, mbewa zinkadutsa pamapazi, ndipo njoka ina inatidutsa pambali osatilabadira, nayonso ikuthawa zake. Titafika pachimwala chija tinatsetsereka chokhala mpaka pansi pa khwawa. Munalibe madzi, munali miyala ndi masamba ouma, ndipo m'mbali monse udzu unali utaweramiramo. Agogo anati tikapita chakumunsi pali mchenga wotambasuka, koma moto unafika tisanayende n'komwe.

Anapapasa mpaka anapeza mwala wokhala ndi kamphako pansi, n'kundikankhiramo. Chigubu chija ndinali ndisanataye, sindidziwa chifukwa chake. Anachilanda, kuvula chitenje, kuthirapo madzi onse, kundifunditsa, iwo n'kundigonera pamwamba. Moto unadumpha khwawalo ukulira, udzu woyaka ukugwera pamsana pawo. Sanakuwe. Ndinkangomva mano akukukutika pafupi ndi khutu langa, ndi fungo la tsitsi lopsa.

Anatipeza ndi abambo ena odula nsungwi, ife tikukwawa m'phulusa. Anawanyamula agogo pamitengo mpaka kumsewu, kuchoka apo n'kupita nawo kuchipatala. Ine ndinalibe chilonda, kupatula pamene panalowa zikhadabo paja. Iwo anapsa msana ndi mkono wamanja. Felemu ija anali ataifumbata, ndipo anamwino polimbana ndi mabalawo analephera kuwalanda.

Mawa lake masana kunabwera agogo aamuna, aMbewe. Iwowa anali munthu wofatsa, wosadziwa kukana, woti mlendo akayamikira chipewa chawo ankabwerera nacho kwawo. Analowa m'wodi chipewa chili m'manja, n'kukhala pansi pafupi ndi bedi. Agogo aakazi anali atagona chafufumimba. Atamva mawu awo anatambasula dzanja labwinolo, felemu ili pachikhatho.

"AMbewe, ichi n'cha yani?"

Agogo aamuna anayankha akuyang'ana pansi. "N'cha a Damiano."

A Damiano anali oyandikana nafe nyumba, mnzawo wa agogo aamuna kuyambira paunyamata, ndipo nawonso anawachotsapo ng'ala n'kupatsidwa magalasi a mtundu womwewo. Anamwalira nthawi yokolola chaka chomwecho. Agogo aamuna anafotokoza zimene zinachitika. A Damiano ali gone pamphasa, mdzukulu wawo anagwetsa magalasi awo n'kuphwanya. Sabata yomweyo kunabwera mwana wawo wamkazi amene anakhalitsa kunja zaka zambiri, ndipo mkuluyo ankangomupapasa nkhope akulira kuti amwalira asanamuone. A Damiano anapempha mnzawoyo kuti awabwereke magalasi achiwiri a agogo aakazi. Agogo aamuna ankadziwa kuti akapempha kunyumba akanizidwa, ndiye anadikira akazi awo ali kubafa, kutsegula kabokosi, kusinthanitsa, n'kuikamo timiyala kuti kulemera kusasinthe.

"Ndimati masiku awiri atatu ndibweza. Ndiye munthu uja anatisiya. Abale ake pomukonza anamuveka magalasiwo, ati anazolowera kumuona choncho. Ine ndikanalowa bwanji pagulu n'kukavula maliro magalasi?"

Mayi wina wodikirira wodwala pabedi loyandikana anasiya supuni ili m'malere. Ine mutu unaima. Agogo aamuna omwewa ndi amene ankatiperekeza mpaka pamphambano Loweruka lililonse, kutiuza kuti tiyende bwino.

"Ndiye kuti aja ndinawaona pankhope pa a Damiano," anatero agogo aakazi motsitsa mawu, "ine nditakhala pamutu pa maliro ndikulira, anali anga?"

"Anali anu."

"Miyezi yonseyi ndikukwera phiri ndi mwanayu, inu mukundiona ndikugwedeza miyala pakhutu?"

"Ndimaopa kukuuzani. Komanso paja amati mnzako akapsa ndevu m'zimire..."

"Wapsa ndani pano?"

Tonse tinadikira chimphepo. Ndinkawadziwa agogo anga, ndinkati lero denga la chipatala lisasuka. Koma sananenenso kanthu. Anatenga felemu yopanda magalasiyo, anaivala, n'kutembenukira kukhoma. Kukhala chete kumeneko kunandiopsa kuposa moto uja.

Atatuluka m'chipatala felemu ija sanaivule. Magalasi a mtundu wawo sankapezeka msanga, ndiye mpaka mvula inagwa akuyenda ndi felemu ya munthu wakufa pamphuno, kutchalitchi, kuchigayo, pakhonde posankha mpunga ndi zala. Ana ankathawa, akuluakulu ankayang'ana kumbali. Wina akalimba mtima n'kufunsa, ankangoyankha kuti, "Funsani aMbewe." Ndipo wowagwira dzanja kulikonse anali aMbewe omwewo, chifukwa anakana kutsogoleredwa ndi wina aliyense, ngakhale ine. Mkulu uja ankayenda pang'onopang'ono pakati pa mudzi, mutu uli pansi, akutchula miyala ndi maenje.

AMbewe anagulitsa njinga yawo n'kukawatengera magalasi, awiri. Agogo aakazi analandira osathokoza, osanyoza. Kuphiri sanakwerenso, popeza chipsera chinakoka mkono moti zenga sankathanso kuigwira, ndipo asodzi aja anayamba kugula udzu kwa ena. Anakhala limodzi zaka zambiri pambuyo pake, agogo aakazi akuwaphikira amuna awo, akuwachapira. Nkhuku ankazikalipirabe, ine ankandikalipirabe, koma amuna awo sindinamvenso akuwakalipira ngakhale tsiku limodzi. Nditakula, agogo aamuna anandiuzapo tili kudimba kuti, "Bola akananditukwana, Rozina. Munthu akasiya kukukalipira ndiye kuti wakuchotsa m'nyumba uli momwemo."

Mpaka lero sindidziwa kuti ndiwaweruze bwanji. A Damiano anamuona mwana wawo asanatseke maso, ndipo zimenezo si zazing'ono. Koma ine ndinali pansi pa mwala uja, ndipo fungo lija ndimalimvabe.

Tsopano nanenso ndimavala magalasi, ndipo ntchito yanga ya ulangizi imandiyendetsa pa njinga yamoto m'minda ya mpunga ku Bwanje, kutali ndi msewu. Ndimayenda ndi achiwiri. Ndisananyamuke ndimawatulutsa, kuwavala, kuyang'ana mtengo wakutali mpaka nditaona masamba ake, kenaka n'kuwabweza. Ndinakwatiwa ndi mwamuna wabwino mtima, wachifundo, woti mnzake akamulirira sagona tulo. Ndimamukonda kwambiri, ndipo sadziwa pamene ndimasunga magalasi anga achiwiri.