Zitseko za ku Dunoon

Ndinali kuyanika zovala kuseri kwa chipinda chathu ku Dunoon pamene phokoso linayamba. Munali mu 2008, nyengo yozizira. Ndinayesa ndi anthu okondwerera mpira. Kenako ndinaona mnyamata amene ankatigulitsa parafini akukankha firiji ya Msomali wa pashopu, akuseka. Eni dziko anali atayamba kuthamangitsa ife obwera.

Achimwene anga a Yotamu anandikankhira mumsewu nati, "Thamangira kupolisi, usayankhule ndi munthu. Nditenge mapasipoti, ndikupeza." Ndinafika kupolisi ndi mapegi oyanikira zovala m'manja, osadziwa kuti ndawagwira.

Tonse othawira kumeneko anatitengera ku holo ya tchalitchi. A bungwe lothandiza othawa ankagawa mabulangete ndi buledi. Kwa ine buledi sanadyeke. Galimoto ikafika ndinkayang'ana otsika mmodzimmodzi. A Yotamu sanatsike. Foni yawo inali yozima.

Nditamva kuti a bungwewo akubwerera ku Dunoon kukatenga obisala, ndinadzipereka. Ndisaname, sichinali chifundo ayi, ndinkafuna mlongo wanga. Anandiveka kajekete kawo kowala, nandichenjeza kuti ndisatsegule pakamwa, kayankhulidwe kangandigwiritse.

Kumeneko zinavuta. Mzungu wotitsogolera ankagogoda mwamphamvu, m'nyumba muli zii. Ndani akanatsegula? Othyola nyumba dzulo lake ankagogodanso chimodzimodzi. Pakhomo lina ndinaiwala chenjezo lija. Pakamwa panangotuluka, "Odi kuno!"

Mkati wina anakhosomola. Kenako liwu la mzimayi: "Odini." Anatuluka kunsi kwa bedi ndi ana ake, wamng'ono atamutseka pakamwa ndi chitenje.

Mzungu uja anasiya kugogoda. Ndinkatsogola ine, khomo ndi khomo, odi, odi, anthu n'kumatuluka ngati ngumbi, ena osavala nsapato.

Tinafika pakhomo pathu. Chitseko panalibe. Malata a denga anali atakanganulidwa, bedi litapita. Pansi panali magazi ouma, ntchentche zili pomwepo. Ndinanenabe odi, sindikudziwa chifukwa chake. Mayi woyandikana nafe, amene tinkabwerekana mchere, anandiyang'ana n'kutseka zenera.

Galimoto inabwerera ku holo itadzaza, ena atakhala pamiyendo ya anzawo. Mzimayi wa kunsi kwa bedi uja lero ali kwawo ku Mzimba, ana ake anakula. Achimwene sitinawaonenso, ndipo manda awo kulibe.