Kabatire ka m'kaseti ya a Mateyu

A Mateyu amakonza mafoni pamalire, m'kashedi koyang'anana ndi pamene pamaima mathiraki opita ku Zobue. Sindinena kuti ndi katswiri wa nyimbo, ndipo iwo sangakonde kuti nditero. Koma zimene anawachita mlamu wawo zimandiwawabe.

Dalaivala wina anawasiyira kamakina kakale ka magemu, kogwira m'manja, ndi kaseti yake yopekera nyimbo. Kamakinako kamaimba mawu atatu okha, ngati nkhululu, ndi phokoso lina longa maseche. A Mateyu anaphunzira do-re-mi ku mishoni, ndiye anagawa mawuwo ngati kwaya: sopulano, aluto ndi besi. Tenala ankaimba okha chapansipansi. Makasitomala akatha, ankalowetsa manotsi limodzilimodzi ndi chala. Zaka zinapita, nyimbo zinachuluka. Ndinkawauza kuti azijambule pafoni, iwo n'kumati sizinapse.

Nyimbozo zimakhala m'kasetimo chifukwa cha kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo. Kakachoka, zonse zimafufutika.

Tsiku lina anapita ku boma kukagula zipangizo, shedi n'kusiyira a Yakobe, mlamu wawo wa kabaza. Rimoti ya njinga yamoto ya a Yakobe inali itafa. A Yakobe anakumbukira kuti anaonapo kaseti ija ili yotsegula, muli kabatire kofanana ndi ka m'rimotimo, natenga sikuludiraiva.

Atabwerako, a Mateyu anayatsa kamakina. Munalibe kanthu.

"Alamu, kaseti iyi mwaitsegula ndinu?"

"Aa, ndangobwereka kabatire. Mawa ndikubweretserani katsopano, kaja kanali kotha kale."

"Munali nyimbo zanga umu."

"Timaphokoso tija? Mwana wanga akamaseweretsa foni amatulutsa tomweto. Munthu wa imvi inu, mudzakula liti?"

Osintha ndalama amene anali pafupi anaseka. A Mateyu anangotseka shedi dzuwa lili pamutu.

Kabatire katsopano kanabweradi, ndipo a Yakobe amaona kuti mlandu unathera pomwepo. Achibale nawonso akuti nkhani ya zoseweretsa isagawe banja. Palibe amene anafunsa kuti munali nyimbo zotani.

A Mateyu anakumbukira nyimbo ziwiri, yachitatu besi yokha. Zinazo zinapita. Kasetiyo tsopano amayenda nayo m'thumba la malaya, ndipo akaweruka amabwerera kwawo wapansi, osakweranso njinga ya mlamu wawo. A Yakobe amawaimira panjira n'kuwaombera hutala, iwo osacheuka.