Chaka chimene ndinaweta kamba

Ntchito yanga yachitatu ku Joni ndinaipeza kuseri kwa dera lotchedwa Brooklyn, pa mudzi wa azungu okalamba wozingidwa ndi mpanda wamagetsi. Pakati pa nyumbazo anasiyapo kathengo ka mitengo yaminga, ndipo kathengoko kanali ndi komiti yake. Wapampando anali madamu wina wamfupi, woyenda ndi ndodo ziwiri ngati wokwera phiri. Tsiku loyamba ndinasesa masamba onse m'kathengomo, monga munthu wolemekeza ntchito. Madamuwo ataona anagwira pamtima, nandiuza kuti masambawo ndi nyumba za tizilombo. Ndinaweruka nditabweza mawilibala asanu ndi imodzi, kumwaza bwinobwino kuti pasaoneke dzanja la munthu.

M'kathengomo munkakhala kamba wamkulu ngati beseni losambitsira khanda. Mlandu unabuka pamene anadya letesi yense wa bwana wina wa nyumba yapangodya, amene ankagwirabe ntchito ku ofesi ina ku Arcadia. Bwanayo anafuna kuti kambayo amumangire khola. Madamu anakana kwamtuwagalu, akuti nyama yakutchire siitsekeredwa. Anakambirana masana onse, n'kugwirizana kuti kamba akhale mfulu, koma pakhale munthu womutsatira. Munthuyo ndinali ine.

Malamulo anali akuti ndisamugwire, ndisamukalipire, ndisamuimire kutsogolo. Akalunjika dimba la munthu, ndizigogoda pakhomo kuchenjeza mwini wake. Ndinkayenda pambuyo pake nditapinda manja ngati woperekeza maliro. Iye akaima, nanenso ndiime. Akagona pamthunzi, ndinkatumiza uthenga pa gulupu ya pa foni kuti wagona, ndipo agogo angapo ankayankha ndi timitima.

Mkazi wanga ku Ntcheu atandifunsa ntchito imene ndapeza, ndinamuuza zoona.

"Bambo a kunyumba, mwayamba kumwa?"

Ndinamutumizira chithunzi. Anachionetsa kwa amayi anga, amene anangofunsa ngati azunguwo adzandigawireko mwendo tsiku lophika.

Lachiwiri lina m'mawa kamba anadzuka ndi maganizo ena. Anadutsa kathengo, anadutsa kapinga, n'kulowa mumsewu wopita ku geti. Ndinam'tsatira. Atafika pansi penipeni pa chitsulo chotchingira magalimoto, anabweza mutu m'chigoba n'kukhala. Mlonda, mnyamata wakomweko wa mtundu wachipedi, wokonda malamulo, anati sangalole galimoto kudutsa, komanso sangalole kamba kutuluka popeza sanalembedwe m'buku polowa. Magalimoto anandandalika. Palibe anaimba hutala, poti komiti inaletsa phokoso.

Woyamba pamzerewo anali bwana wa letesi uja, atavala suti yotuwa. Anapirira mphindi zingapo, kenako anatuluka, nandiuza kuti ndichotse chinthucho. Ndinati lamulo silindilola. Anawerama yekha, n'kumunyamula. Kwathu ngakhale mwana amadziwa zimene kamba amachita akatukulidwa mwadzidzidzi, koma sindinafunsidwe. Madzi anatsika kuyambira pa lamba mpaka m'nsapato.

"Eish," anatero mlonda, n'kulemba m'buku.

Madamu atamva anafika ndi ndodo zawo. Za suti sanazione n'komwe. Chimene chinawadetsa nkhawa n'chakuti kamba wataya madzi amene anasunga m'thupi, choncho ndinalamulidwa kumukhazika m'beseni la madzi ofunda, nditavala magolovesi. Anaitana mtsikana wodziwa za nyama, amene anamusuzumira kumimba nanena kuti ndi wamkazi, ndipo kuyendayendako akufuna poikira mazira.

Patapita sabata kamba anapapeza. Anakumba pakati pa bedi la letesi watsopano wa bwana yemwe uja, ine ndikugogoda pakhomo popanda wondiyankha. Komiti inazinga malowo ndi chingwe chofiira. Tonse tinkayembekezera nkhondo. Koma bwanayo atabwera madzulo anaima nthawi yaitali akuyang'ana kadothi kofukulidwako, kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti mazira a kamba amatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinati sindidziwa, kwathu sitinkadikira.

Kuyambira pamenepo munthuyo anasintha. Anagula ambulera yotchingira mazirawo dzuwa. Anandiletsa kutchetcha kapinga ndi makina pafupi ndi nyumba yake, ndiye ndinkadula ndi sizasi. Galu wa mkazi wake anam'tumiza kwa mwana wawo. Pa msonkhano wa komiti ndiye anali woyamba kufika.

Chinthu chimodzi chinkandivuta. Miyezi yonseyo ndinatsata kambayo tsiku ndi tsiku, ndipo sindinaonepo mnzake wamwamuna m'kati mwa mpandawo. Ndinafotokozera amayi ena a ku Machinga amene ankachapa m'nyumba ya bwanayo. Anapitiriza kuyanika malaya osandiyang'ana.

"Achimwene, inu anakulembani kuti muzitsata kamba kapena muzifufuza ukwati wake?"

Ndinagwira ntchito pamenepo chaka china chathunthu, mvula inagwa n'kusiya, ambulera inatuwa ndipo bwanayo anagula ina. Tsiku limene ndinkatsanzika, bwanayo anandipatsa jekete, natenga nambala yanga kuti adzandidziwitse mazirawo akadzaswa. Anandiperekeza mpaka pa chingwe chofiira basi, akuti sangapite patali, mwina lingakhale lero.