Mapazi a Mawanga Pamphambano

Chaka cha 1996, mwezi wa Julaye, ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Chimene ndimayamba kukumbukira ndi njinga ya aphunzitsi. Inali yofiira, ya matayala onenepa okhala ndi mano, yopanda kaliyala. Posintha magiya inkalira ngati munthu akuthyola tinkhuni. M'midzi yathu, kuseri kwa Msundwe, munalibe ina yotero, ndipo ana tinkaidya ndi maso basi. Ine ndinaikwera kamodzi. Sindinakondwe nayo.

Tsikulo amayi anadzuka tambala atalira, napeza khola lili pululu. Mitengo iwiri yakumbuyo inali itazulidwa. Ng'ombe tinali nazo zitatu: ziwiri zokoka ngolo ndi yaikazi imodzi ya bere. Amayi sanalire. Anangopita kukagogoda kwa amalume, amene ankatiyang'anira chimwalirireni abambo.

Kunja kusanayere bwino, amuna asanu ndi awiri anali atasonkhana, zikwanje zitamangidwa kumakaliyala. Mbusa wa ng'ombezo ndinali ine. Imodzi, Mawanga, inali ndi chiboda chakumbuyo chopindikira kunja, ndipo phazi lake ndinkalizindikira ngakhale pakati pa mapazi a ng'ombe zina. Choncho wotsogolera anayenera kukhala ine. Aphunzitsi anabweretsa njinga yawo ija, natsitsa chishalo. "Potsika usagwire buleki yakutsogolo," anatero, "ikakuponya."

Tinanyamuka. Mame ananyowetsa miyendo, zala zinachita dzanzi pahandulo. Tinadutsa minda ya fodya yotsala mapesi okhaokha, tinaoloka dambo, mapazi akuoneka bwinobwino m'matope akuda. Poyamba amunawo ankaseka. Wina anakuwa kuti mwana wakwera ndege pamene akuluakulu akukankha magaleta. Koma mapazi atakhotera kumapiri a Dzalanyama, nthabwala zinatha. Kumeneko sindinafikeko chibadwire. Ambiri a iwonso njirayo sankaidziwa.

Masiku amenewo mfuti zotsala kunkhondo ya ku Mozambique zinkayenda m'manja mwa anthu wamba. Aliyense ankadziwa kuti akuba ng'ombe sayenda ndi ndodo. Palibe anazitchula m'mawa umenewo. Ndinangomva amalume akuuza wina kuti, "Chikwanje chimasule, chikhale pafupi."

Kanjirako kanali ka phazi limodzi, ka miyala ndi mizu. Nkhungu inabisa mitengo. Udzu wautali unkandikwapula kumaso, ndipo pagulaye pena ndinaiwala mawu a aphunzitsi, ndinagwira buleki yoletsedwa ija, ndinakagwa chafufumimba. Ndinadzuka msanga, bondo likutuluka magazi. Sindinafune kuti aone.

Vuto lenileni linali ubwino wa njingayo. Pachitunda, njinga za anzanga zinkafuna kukankha. Yanga inkangokwera. Ndinkafika pamwamba ndekha, n'kumadikira. Akuluakulu aja sanaganize za zimenezo pondipatsa njinga. Ndimawadzudzulabe mpaka lero. Mwana saikidwa kutsogolo kwa zikwanje.

Pamwamba pa chitunda chachitatu njira inagawikana. Nthaka inali ya miyala, koma cha kumanzere kunali kamchenga kakang'ono. Pamenepo panali phazi la Mawanga, latsopano, m'mbali mwake musanagumuke. Pambali pake panali phazi la jombo lalikulu. Ndowe inali pamwala, ndinaikhudza, inali yofunda. Kumunsi, m'chigwa, utsi woonda unkakwera pakati pa mitengo. Kenako ndinamva ng'ombe ikulira kamodzi. Mawu ake ndinawadziwa.

Ndinaima pamphambanopo. Ndinaona m'maganizo mwanga njinga yofiira ikutsika yokha kutsogolo kwa onse, kulunjika ku mfuti za akubawo, ine ndili pamwamba pake. Ndinakankha njingayo pakamchenga kaja, kupita ndi kubwerera, mpaka mano a tayala anafafaniza phazi ndi jombo yomwe. Ndowe ndinaikankhira m'udzu ndi phazi.

Amunawo anafika ali wefuwefu.

"Zalowera kuti, iwe?" anafunsa amalume.

"Kumanja, amalume."

Anatsika panjinga. Ananjuta pakamchengapo nthawi yaitali. Anayang'ana mwala uja, anayang'ana phazi langa, anayang'ana kuchigwa.

"Nanga utsi uwo, achimwene?" anafunsa wina.

"Ndi owotcha makala," anatero amalume akudzuka. "Mwamumva mbusa. Kumanja."

Kuyambira pamenepo anatsogola okha, ine anandiika pakati. Tinapalasa mpaka dzuwa linafika pamutu, tikufuna mapazi m'njira imene ng'ombe sizinadutsemo. Pamtsinje wina tinamwa madzi, tinatembenuka. Tinafika kumudzi madzulo. Amayi anayang'ana zingwe zimene tinabwera nazo zili zokulungakulunga, analowa m'nyumba. Njinga ndinaitsuka, ndinakaibweza. Aphunzitsi anafunsa ngati ikuyenda bwino. Ndinati eya.

Nyengo yonse yozizirayo ndinkadzuka m'mawa monga mwa chizolowezi, n'kupita kukhola lopanda kanthu. Amayi akandipatsa chakudya ndinkadya nditazyolika. Amalume akandiitana ndinkayembekeza kuti lero afunsa. Sanafunse. Anamwalira patapita zaka zambiri osatchulapo za mphambanoyo, inenso sindinawauze. Chichokereni tsikulo sindinanamizenso munthu, ndipo ana anga amadziwa chimene bodza limawabweretsera pakhomo panga.

Ndinkayesa kuti ndapusitsa amuna asanu ndi awiri. Sindinkadziwa kuti munthu wokulira kubusa sapusitsidwa ndi tayala la njinga.

Tinataya ng'ombe zitatu, ndi mwana wa m'mimba, zinayi. Ngolo inadyedwa ndi chiswe pansi pa mtengo wa mango. Munda wa kudambo tinausiya chifukwa panalibe chotutira manyowa. Sukulu yanga inathera sitandade seveni, ndinakagwira khasu m'malo mwa ng'ombe. Zonsezi ndinkaziwerenga chaka ndi chaka, ndi kuzisenza ndekha. Kuphiri tinapita anthu asanu ndi atatu, tinabwerako asanu ndi atatu. Chimenecho chokha sindinkachiwerenga.