Ng'ombe ya Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu chaka chimene ndinakana kubatizidwa. Tinkakhala kwa Chapananga, pafupi ndi mtsinje umene umayenda madzi m'dzinja mokha, miyezi yotsalayo n'kungokhala mchenga woti munthu afukule kuti apeze akumwa. Ababa ankalima thonje ndi mapira. Sanali munthu wolankhulalankhula, koma madzulo aliwonse, kuwala kusanathe, ankatikhazika pamphasa n'kuwerenga Baibulo pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere. Akatha, aliyense wa ife ankapemphera motsatana misinkhu. Ine ndinkazikonda zimenezo. Kalasi ya ubatizo ndinali nditamaliza bwino, ndipo amayi anali atandisoketsera kale diresi yoyera.

Munthu wamkulu pampingo pathu anali amalume anga a Zuze, mlongo wawo wa amayi. Anali mkulu wa mpingo, analinso wapampando wa nthambi ya chipani m'mudzimo, ndiye ankadziwa khomo limene lagula makhadi ndi limene silinagule. Masiku amenewo munthu wotere sunkamutsutsa, ngakhale atanena kuti mbuzi ili ndi miyendo isanu. Anali ndi khola lodzaza, ndipo ngolo imene ababa ankanyamulira thonje kupita nalo kumsika, pamodzi ndi ng'ombe zake zokoka, zinali za iwowo.

Abusa ankabwera kwathu mwa apo ndi apo kuchokera ku boma ku Chikwawa. Zitamveka kuti akubwera kudzabatiza, ndi kuti mipingo yoyandikana nafe idzasonkhana kwathu, amalume anaimirira m'tchalitchi n'kulonjeza ng'ombe yathunthu ya alendo. Azimayi anaimba nthungululu, amalume n'kukhala pansi akupukuta nkhope ndi kampango.

Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene kuchigwa kuno nthaka imawotcha mapazi ngati chiwaya. Msonkhano utayandikira, ng'ombe ina ya amalume imene inkadwala inasowa. Anaipeza chifukwa cha miimba imene inkazungulira m'mwamba. Inali itafera m'kachigwa kouma, ndipo inali itagonamo ndithu.

Amalume anatuma mwana kudzatiitana, ababa, amayi ndi ine, kuti tipite ndi mipeni ndi mabeseni. Fungo linatichingamira tisanaione n'komwe. Inali itatupa ngati ng'oma, miyendo ili tolotolo m'mwamba, ntchentche zobiriwira zili ng'waa kukamwa ndi m'maso. Ababa anaima patali ndithu, chipewa chili pamphuno.

“Alamu,” anatero, “iyi ndi yokwirira.”

Amalume anaseka. “Ng'ombe ndi ng'ombe, alamu. Moto umapha zonse. Mukufuna ndiphe yamoyo pamene Mulungu wandisankhira kale yopereka?”

Ndinayang'ana ababa, ndikudikira kuti atembenuke tizipita. Anayang'ana pansi kanthawi, kenaka anapinda manja a malaya n'kutola mpeni.

Zimene ndinaona tsiku limenelo sindifuna kuzifotokoza zonse. Chikopa chinkangosupuka chokha. Atabowola mimba, panatuluka mpweya wonunkha koopsa, ndipo nyama ya m'nthiti inali itayamba kubiriwira. Ntchito yanga ndi amayi inali kutsuka nthuli m'madzi a mchere ndi phulusa, ndi kuchotsa mphutsi ndi kamtengo m'malo momwe zinalowa. Ndinasanza mpaka m'mimba munatsala ndulu yokha. Amayi anandipatsa madzi otsukira m'kamwa, n'kundinong'oneza kuti, “Tseka pakamwa, Rozina. Za kuno zithere kuno.” Nyama ija anaiwamba pautsi kuseri kwa khola, ndipo Loweruka inalowa m'miphika ndi tsabola wochuluka woti lilime lisamve kanthu kena.

Anthu anabwera ambiri, ena atayenda chiyambire mbandakucha, ana ali kumbuyo. Kwathu nyama ya ng'ombe inkadyedwa pamaliro a munthu wolemera basi, choncho nkhope zinali zowala. Amalume anadalitsa chakudyacho ndi pemphero lalitali, mawu akunjenjemera, akuthokoza Mulungu amene amapatsa ana ake zonona. Atanena Ameni, anatenga abusa n'kulowa nawo m'nyumba, kumene anawakonzera nkhuku.

Ine anandipatsa ntchito yotunga madzi pamodzi ndi mayi wina wamasiye dzina lake Nyamphinga. Mayiyu anathawa nkhondo ku Mozambiki, ndipo kwathu analibe mbale ndi mmodzi yemwe. Ankakhala m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, ndipo pa ntchito za mpingo sankajomba. Atamuikira nthuli m'mbale, anainunkhiza, n'kuibweza mwaulemu.

“Nkhabe,” anatero m'Chisena chake, akupukusa mutu. “Ine ndidya ndi masamba.”

Ndinakhala naye pansi pa mtengo wa masau, tikuonerera ana akuyamwa mafupa, mafuta akuyenderera m'zigongono. Ine sindinalawe kanthu, ngakhale madzi.

Kutacha Lamulungu, tchire la kuseri kwa tchalitchi linali ndi anthu ambiri kuposa m'tchalitchimo. Akuluakulu ankathamanga atagwira pamimba, ena osafika n'komwe. Anzanga a m'kalasi ya ubatizo anali lambalamba pamithunzi, milomo itauma. Kamwana kena ka alendo kanafooka mpaka maso kulowa m'kati, ndipo anakanyamula pangolo ulendo wa kuchipatala ku Chikwawa, mayi ake akulira njira yonse. Kanachira, koma kanali katafika pakhomo pa imfa. Abusa anati ubatizo udikire ulendo wina, n'kubwerera kwawo.

Ndinkaganiza kuti apa ndiye amalume achita manyazi. Koma pa mapemphero a m'kati mwa sabata anagwada kutsogolo, misozi ili chuchuchu, akulirira nkhosa za Mulungu zimene mdani wazilowerera. Atadzuka anafunsa funso limodzi lokha: kodi pa anthu onse amene anayandikira miphika ija, ndani anakana kudya nyama, ndipo ndani sanadwale?

Dzina sanatchule, poti panalibe chifukwa. Pofika mawa lake, mudzi wonse unkadziwa kuti Nyamphinga anathira mankhwala m'madzi ophikira. Azimayi anamuletsa kutunga pachitsime chathu cha mumchenga. Anyamata ankagenda denga lake akamadutsa. Akulu a mpingo anagwirizana kuti Lamulungu likubweralo amuchotse mu mpingo pamaso pa anthu, ndipo zinkamveka kuti akatero auzidwa kuti abwerere kumene anachokera, kumene mfuti zinali zikulirabe.

Madzulo a tsiku limene tinamva zimenezo, ababa anayala mphasa monga mwa nthawi zonse. Anawerenga, azing'ono anga anapemphera, ndipo itafika nthawi yanga ndinangokhala duu.

“Rozina, tikudikira iwe,” anatero amayi.

“Sindipemphera.”

“Wati chiyani?”

“Sindipemphera, ndipo sindibatizidwa. Diresi ija mupatse wina.” Mawu ankatuluka okha. “Madzi obatizira adzadalitsa ndi amalume, ndi manja omwe aja. Mphutsi tinachotsa ndi ife, amayi, inu ndi ine. Ababa ndi amene anasenda. Tonse tikudziwa kuti mayi aja sanalakwe, koma tili pano tatsinzina, tikuuza Mulungu kuti ndife ana ake. Ngati Mulunguyo amamva mapemphero a amalume osachita nseru, ine sindikumufuna.”

Amayi anadzuka dzanja lili m'mwamba. M'nyumba mwathu mwana sankayankhula choncho, ndipo ndinatseka maso kudikira khofi. Silinafike. Ababa anali atawagwira mkono.

“Musiyeni,” anatero. “Wanama pati?”

Amayi anakhala pansi n'kuyamba kulira. “Ndi mlongo wanga,” ankatero. “Mukudziwa mpando umene ali nawo. Akangonena mawu amodzi ku boma, ana awa ndidzawalera ndi yani?”

Ababa anadzuka pamphasa. Anatseka Baibulo, n'kulikulunga m'kansalu kake, n'kukaliika pamwamba pa khoma. Madzulo otsatira mphasa sinayalidwe. Mng'ono wanga atafunsa, ababa anati, “Ndikufuna kuwerenga, mwanangu, koma mawu akundikanira pakhosi.” Masiku amenewo ankadya pang'ono, n'kumakhala kumunda mpaka dzuwa kupendeka, ngakhale kuti kunalibe cholima. Sanandinyengerere, sanandiopseze ndi moto wa kugehena, sanandiitanire azimayi a chilangizo. Lamulungu m'mawa anangoima pakhomo n'kunena kuti, “Sindikukakamiza kulowa. Koma ukafuna, ubwere udzaime pazenera.”

Ndinapita, ndipo ndinaima pazenera. Nyamphinga anali atamukhazika pansi kutsogolo, yekhayekha, atafunda chitenje chakutha. Amalume anayamba kulankhula za namsongole amene amamera pakati pa mbewu zabwino. Ali m'kati molankhula, ndinaona ababa akuimirira pabenchi ya abambo, chipewa chili m'manja.

“Pepani akuluakulu,” anatero. “Mayi awa sanathire kanthu m'madzi. Ng'ombe ija inafa yokha, ndipo tinaipeza itawola. Anasenda ndine, ndi manja angawa. Ndinadziwa kuti ndi yoipa, koma ndinaopa alamu anga. Ana anu anadwala ine ndikudziwa chimene chawadwalitsa. Ngati pali wochotsedwa mu mpingo lero, yambani ndi ine.”

Kenaka amalume anamwetulira, kumwetulira kumene mpaka lero ndikakukumbukira malovu amandiwawa m'kamwa, n'kunena kuti alamu awo dzuwa lawalowa m'mutu, ndipo tiyenera kuwapempherera. Anayambitsa nyimbo, anthu n'kuilandira.

Ndikanakonda kulemba kuti choonadi chinapambana tsiku limenelo, koma ndinganame. Amalume anakhalabe mkulu wa mpingo mpaka imfa yawo, ndipo pamaliro awo anthu anawatamanda chifukwa cha kuwolowa manja. Nkhani yochotsa Nyamphinga inangozilala, osatchulidwanso, ndipo panalibe amene anapita kukamupepesa kupatula ababa ndi amayi. Iye anapitiriza kukhala m'kanyumba kake, koma m'tchalitchi sanapondemonso. Amene anadzudzulidwa anali ababa, ati chifukwa chochititsa manyazi banja pamaso pa anthu. Anyamata a chipani anayamba kufika pakhomo pathu pafupipafupi kudzaona makhadi amene anali atawaona kale. Ababa anaitanidwa ku boma, kumene anakhala tsiku lonse akufunsidwa ngati ali ndi mtima woukira, ndipo anabwerako ali chete kuposa kale. Amayi ndi mlongo wawo anatha zaka osalonjerana. Ngolo ija amalume anaitenga sabata yomweyo.

Thonje la chaka chotsatira tinalisenza pamutu. Ulendo wa kumsika unali wautali, ndipo tinkanyamuka kusanatenthe, ababa patsogolo ndi chimtolo chachikulu, ine pambuyo. Tsiku lina titatula pansi pa mlambe kuti tipume, ndinaona khosi lawo litatupa, thukuta likutsika m'makwinya. Ndinawafunsa ngati sankadandaula.

“Khosi likupweteka,” anatero, akulisisita. “Koma ndikumatha kupemphera.” Kenaka anawonjezera kuti, “Zimene unanena zija, za Mulungu wosachita nseru. Ine ndikuganiza kuti amachita. Nseru imene unamva ija, ndani anakupatsa?”

Za ubatizo sanandifunsepo ngakhale kamodzi. Abusa anabwera n'kubatiza anzanga, ine ndili kunyumba, ndipo anthu atayamba kunena kuti mwana wa ababa wasanduka wakunja, iwo ankangoyankha kuti, “Ali pa ulendo, musiyeni afike.” Mphasa ya madzulo inabwerera, ndipo itafika nthawi yanga ankadikira pang'ono, ndikapanda kuyamba n'kunena Ameni popanda kundiyang'ana moipa. Panapita zaka ziwiri ndisanapemphe ndekha kubatizidwa, ndipo diresi anachita kusoka ina chifukwa ndinali nditakula.

Lero ndili ndi ana anga amene adutsa msinkhu umenewo, ndipo ndakhala pa misonkhano yambiri ya makolo yodandaula kuti achinyamata akuthawa tchalitchi. Timatchula mavidiyo, anzawo oipa ndi mafoni, ndipo timagwirizana zowonjezera mapemphero ndi kulimbitsa chilango. Kawirikawiri ndimangokhala chete, chifukwa ndikudziwa kuti mwana wa msinkhu umenewo amaona zonse: amene timawaopa, zimene timabisa, ndi amene timalola kuti asenze milandu yathu. Ambiri mwa ana amene timati ataya chikhulupiriro sanakane Mulungu ayi. Anyansidwa ndi zimene ife tazizolowera, ndipo kunyansidwa kumeneko ndi chikhulupiriro chimene tinawaphunzitsa tokha, chikugwira ntchito yake. Kholo likachimenya khofi, limapha chinthu chomwe likufuna kupulumutsa.

Ababa anandiwerengera Baibulo zaka zambiri, ndipo ndimawathokoza. Koma ndinayamba kuwakhulupirira, iwo ndi Mulungu wawo yemwe, tsiku limene mwana wawo anawanyoza pamaso pa banja lonse, iwo n'kufunsa kuti wanama pati.